Mibvi ya m'Phodo ndi Zingwe za m'Munda

Pafupi ndi mzinda wa Kafue pali ulalo wa njanji umene unamangidwa m'caka ca 1906. Uli ndi zigawo 13, ciri conse ca mamita pafupi-fupi 33, ndipo utali wace wonse upitirira mamita 400. Munthu woyang'anitsitsa adzaona kuti pakati pa zitsulo zoima ndi zogona pali zina zopendekeka, zimene zigawa danga liri lonse kukhala zithunzi za mbali zitatu, zija ana a sukulu amazicha mathirayango. Mmisiri ali yense wa matabwa adziwa cifukwa cace. Mitengo inai yokhomedwa m'ngondya imagwedera munthu akaikankha, koma akakhomerapo wacisanu kucokera pa ngondya imodzi kufika pa ngondya ya patsidya, cimango conse cimalimba nji. Cimango ca ngondya 5 cifuna mitengo yopingasa 2, ca ngondya 6 cifuna 3, ndipo masiku onse mitengo yopingasa icepa ndi itatu pa ciwerengero ca ngondya.

Mmisiri akalimbitsa cimango cace amakhutira. Koma wophunzira masamu amafunsabe kuti, kodi pali njira zingati zoikira mitengo yopingasayo? Funso limeneli, looneka ngati la masewera a ana, lagwirizana ndi gawo lina la aljebra limene lakula kwambiri kuyambira caka ca 1972. Nkhani ino ionetsa kuti zinthu zitatu zosiyana, ndizo mibvi yolembedwa papepala, zingwe zomangidwa m'munda, ndi mizere ya manambala, zimabisa ciwerengero cimodzi-modzi. Womvera akhale ndi pepala ndi pensulo pafupi, pakuti zambiri zonenedwa pano akhoza kuziyesa yekha.

PHODO NDI KATUNDU WACE

Makolo popita kukasaka ankasunga mibvi yao m'phodo. M'caka ca 1972 katswiri wina wa masamu, Pierre Gabriel, wobadwira ku France, anabwereka dzina lomweli nalipatsa cithunzi ca madontho olumikizidwa ndi mibvi. Iye analemba m'Cijeremani nati Köcher, Angerezi amati quiver, ndipo mau onse awiri atanthauza phodo. Tsono phodo la masamu ndilo madontho angapo olembedwa papepala, pamodzi ndi mibvi yocokera pa dontho lina kuloza pa linzace.

Munthu alembe madontho 6 pamzere umodzi, awapatse maina a masiteshoni a njanji: Livingstone, Choma, Monze, Mazabuka, Kafue ndi Lusaka. Pakati pa madontho awiri ali onse oyandikana alembe mubvi woloza ku Lusaka. Phodo lotere, lopanda nthambi, ndi la mtundu A, ndipo popeza madontho ace ndi 6 lichedwa A6.

Akatswiri amalisenzetsa phodo katundu. Pa dontho liri lonse amaikapo malo okhala ndi miyeso ingapo. Mzere woongoka uli ndi muyeso umodzi, ndiwo utali. Pepala liri ndi miyeso iwiri, m'litali ndi m'mimba. Cipinda ciri ndi itatu. Masamu alola miyeso inai, isanu kapena yoposa pamenepo, pakuti muyeso uli wonse ndi nambala imodzi cabe yofunika pofotokoza pamene cinthu ciri. Dontho lina likhoza kukhala lopanda muyeso konse. Pa mubvi uli wonse amaikapo lamulo la kuculukitsa ndi kuonkhetsa, limene limatenga manambala a dontho lina ndi kuwasandutsa manambala a dontho limene mubviwo uloza. Zonsezi pamodzi Angerezi amati representation. M'nkhani ino zichedwa katundu wa phodo.

Katundu wamkuru amamasulidwa kukhala mitolo ing'ono-ing'ono, kufikira patsala mitolo imene siigawikanso, monga nambala iri yonse imapangidwa poculukitsa manambala osagawika onga 2, 3, 5 ndi 7. Wodziwa mitolo yosagawika wadziwa katundu yense. Cifukwa cace funso lalikuru ndi lakuti, kodi mitundu ya mitolo yosagawikayo ndi ingati?

Pa phodo la njanji yankho lace limveka bwino poganizira za aulendo. Sitima icoke ku Livingstone, ndipo pa siteshoni iri yonse kalaliki awerenge anthu ali m'katimo. Ciwerengero cimeneco ndico miyeso ya dontholo. Waulendo ali yense awerengedwa koyamba pa siteshoni ina, nawerengedwa kotsiriza pa siteshoni ina ya kutsogolo, kapena pa siteshoni yomweyo ngati sanapitirire. Munthu mmodzi wotere, pamodzi ndi masiteshoni ondondozana amene anawerengedwapo, ndiye mtolo wosagawika. Woyamba kuwerengedwa ku Livingstone ali ndi malo 6 otsirizirapo, wa ku Choma 5, wa ku Monze 4, wa ku Mazabuka 3, wa ku Kafue 2, wa ku Lusaka 1. Pamodzi zikwana 21. Katundu ali yense wa phodo A6, ngakhale malamulo a pa mibvi akhale opiringizika motani, amamasuka kukhala matikiti a mitundu 21 imeneyi. Ndipo ngakhale mibvi ina itembenuzidwe kuloza ku Livingstone, ciwerengero cikhalabe 21.

PA MPHAMBANO

Mseu wocokera ku Lusaka ukaoloka mtsinje wa Kafue umagawika pawiri, wina kunka ku Chirundu, wina ku Mazabuka. Phodo lace likhale lotere: Kafue pakati, ndi mibvi itatu yoloza pa Kafue kucokera ku Lusaka, ku Chirundu ndi ku Mazabuka. Limeneli ndi la mtundu D, ndipo lichedwa D4.

Pano pabadwa mtolo umene pa njanji panalibe. Pa Kafue paikidwe pepala la miyeso iwiri, ndipo nthambi iri yonse ibweretse mzere umodzi wopyola pakati peni-peni pa pepalalo. Mizere ikakhala iwiri yokha katunduyo agawika msanga, wina utenga m'litali, wina m'mimba. Koma mzere wacitatu umadutsa copendekeka, uli ndi gawo m'litali ndi gawo m'mimba, ndipo umamanga iwiri ija pamodzi monga ucitira mtengo wopingasa wa mmisiri. Mtolo umenewu sugawika. Komabe mtundu wace ndi umodzi wokha, pakuti pepala likadakhala la mphira, lotheka kulikoka ndi kulipendeketsa mofanana ponse-ponse, mizere itatu iri yonse ikadasandulika mizere itatu ina iri yonse. Powerenga yonse, phodo D4 liri ndi mitolo yosagawika 12.

Nanga nthambi zikakhala zinai? Pamenepo zinthu zisintha ndithu. Mizere itatu ikaikidwa m'malo mwace, kupendekeka kwa mzere wacinai kumapereka nambala imene kukoka kwa mphira sikungaisinthe, ndipo nambala iri yonse ibala mtolo wace-wace. Manambala alibe malekezero, cotero mitolonso iribe malekezero. Gelfand ndi Ponomarev a ku Moscow anafufuza nkhani ya nthambi zinaiyi m'caka ca 1970.

Cimene Gabriel anatsimikiza m'caka ca 1972 ndi malire a pakati pa maphodo owerengeka mitolo yao ndi osawerengeka. Owerengeka ndi awa okha: a mtundu A, a mtundu D, ndi atatu apadera ochedwa E6, E7 ndi E8, amene mitolo yao ndi 36, 63 ndi 120. Phodo lina liri lonse lolumikizana, kaya liri ndi nthambi zinai pa dontho limodzi, kaya mphambano ziwiri, kaya njira yozungulira kubwerera pamene inayambira, mitolo yace siitha kuwerengeka.

Kwa phodo la mphambano imodzi ya nthambi zitatu pali ciyeso capafupi. Munthu awerenge madontho a nthambi iri yonse, kuphatikizapo dontho la pakati, aike 1 pamwamba pa nambala iri yonse, naonkhetse zigawo zitatuzo. Zikaposa 1, mitolo iwerengeka. Zikakwana 1 kapena kucepera, siiwerengeka. Miseu ya ku Kafue ipereka citsanzo cokoma. Nthambi ya Kafue ndi Chirundu iri ndi madontho 2. Ya Kafue, Chilanga ndi Lusaka iri ndi 3. Ya Kafue, Mazabuka, Monze, Choma ndi Livingstone iri ndi 5. Kuonkhetsa 1/2, 1/3 ndi 1/5 kupereka 31/30, kuposa 1 ndi kacidutswa kakang'ono. Limeneli ndilo phodo E8, la madontho 8 ndi mitolo 120. Mtolo wace waukuru koposa uli ndi miyeso 6 pa Kafue, 3 pa Chirundu, 4 pa Chilanga, 2 pa Lusaka, ndi 5, 4, 3, 2 kutsika mpaka ku Livingstone. Koma munthu akangoonjezapo Kalomo pakati pa Choma ndi Livingstone, nthambiyo ikhala ya madontho 6, ndipo 1/2, 1/3 ndi 1/6 zikwana 1 ndendende. Dontho limodzi lokhalo licotsa malire, ndipo mitolo isanduka yosawerengeka.

Cimene cinadabwitsa anthu ndi cakuti maina A, D ndi E sanali acilendo. Anali ataoneka kale m'ndandanda umene Wilhelm Killing anapeza pakati pa 1888 ndi 1890, ndi umene Élie Cartan anautsimikiza m'caka ca 1894, pofufuza funso lina-lina la njira zotembenuzira ndi kusunthira zinthu. Zithunzi za madonthozo zinatenga dzina la Eugene Dynkin, amene anazigwiritsa nchito ca m'ma 1946 ndi 1947.

ZINGWE ZA M'MUNDA

Tsono nkhani ibwerere ku mathirayango. M'malo mwa cimango ca mmisiri pakhale munda wokhala ndi cikhomo pa ngondya iri yonse. Mwini munda afuna kuugawa m'mathirayango pomanga zingwe kucokera pa cikhomo kunka pa cikhomo, popanda zingwe ziwiri zodutsana. Munda wa ngondya 4 uli ndi njira 2. Wa ngondya 5 uli ndi njira 5. Wa 6 uli ndi 14. Wa 7 uli ndi 42. Wa 8 uli ndi 132. Wa 9 uli ndi 429. Leonhard Euler anawerenga zimenezi m'kalata yace ya kwa Christian Goldbach m'caka ca 1751, koma manambalawa adziwika ndi dzina la Eugène Catalan, amene analemba za iwo m'caka ca 1838. Minggatu, Mmongoliya wogwira nchito ku China, anali atakomana nao kale ca m'ma 1730 pa nchito yace ina.

Munthu akamasula cingwe cimodzi, mathirayango awiri amene cinawalekanitsa amasanduka danga la ngondya zinai. M'danga limenelo muli njira imodzi yokha yatsopano yomangira cingwe, ndiyo ya pa zikhomo ziwiri zinazo. Kumeneku ndiko kutembenuza cingwe. Potembenuza cingwe cimodzi-cimodzi munthu akhoza kucoka pa magawidwe ali onse a munda ndi kufika pa ena ali onse. M'munda wa ngondya 5, akatembenuza zingwe ziwirizo mosinthana kasanu, apeza kuti wabwerera pamene anayambira. M'munda wa ngondya 6, njira 14 zija zikalembedwa ngati madontho, ndi kulumikiza ziwiri ziri zonse zosiyana ndi kutembenuza kumodzi, pamaturuka cinthu conga mwala wosemedwa, ca nsonga 14, mizere 21 ndi nkhope 9. Jim Stasheff wa ku America anacifotokoza m'caka ca 1963.

Kodi mibvi ija ilowa pati? Pa cingwe ciri conse palembedwe dontho, ndipo zingwe ziwiri zikakhala mbali za thirayango imodzi zilumikizidwe ndi mubvi wotsata mayendedwe a dzanja la koloko. Magawidwe ali onse a munda abala phodo lace. Zingwe zonse zikacokera pa cikhomo cimodzi, monga nthenga za mcira wa nkhuku-tembo, phodo lace ndi mzere wopanda nthambi. Munda wa ngondya 9 ufuna zingwe 6, cotero phodo lace ndilo A6, lija la njanji.

Apa ndipo pagona cinsinsi. Zingwe 6 zocokera pa cikhomo cimodzi zipatsidwe maina a masiteshoni aja, kuyambira Livingstone kufikira Lusaka. Cingwe cina ciri conse cimene munthu angamange m'mundamo cidzadutsa zingwe zingapo zondondozana, kuyambira pa cina kulekeza pa cina, monga mocitira waulendo wokwera pa siteshoni ina ndi kutsika pa inzace. Cingwe codutsa Monze, Mazabuka ndi Kafue ndico tikiti ya ku Monze kufika ku Kafue. Zingwe zotere ziripo 21, kulingana ndi mitolo 21 ya Gabriel. Kuphatikizapo 6 zoyamba zija, zonse zikwana 27, ndipo munda wa ngondya 9 uli ndi zingwe 27 zimene zingamangidwemo. Wokayika ayese ndi munda wa ngondya 5: zingwe zace ndi 5, ndizo mitolo 3 ya phodo la madontho awiri ndi zingwe 2 zoyamba.

LAMULO LA PTOLEMY

Ca m'ma 150, ku Alexandria m'dziko la Egypt, Ptolemy analemba lamulo lonena za ngondya zinai zokhala pa mzere wozungulira. Kuculukitsa utali wa zingwe ziwiri zodutsana kulingana ndi kuculukitsa mbali ziwiri zopenyana, kuculukitsanso ziwiri zinazo, ndi kuonkhetsa mayankho awiriwo. Akatswiri amakono anatenga lamulo limeneli nalisandutsa masewera a manambala. Mbali iri yonse ya munda ipatsidwe nambala 1, cingwe ciri conse cipatsidwe nambala imene munthu afuna, osasamala za utali weni-weni wa pansi, ndipo potembenuza cingwe nambala ya catsopano ipezedwe ndi lamulo la Ptolemy.

M'munda wa ngondya 5 lamuloli likhala lalifupi: onjeza 1 pa nambala yotsiriza, ndipo gawa ndi nambala ya pambuyo pace. Poyamba ndi 1 ndi 1, nambala yacitatu ndi 2, yacinai ndi 3, yacisanu ndi 2, kenaka 1 ndi 1 abweranso. Poyamba ndi 3 ndi 5, paturuka 2, kenaka 3/5, kenaka 4/5, ndipo pambuyo pace 3 ndi 5 abwerera. Manambala oyamba akhale ali onse oposa 0, ulendo wace utha pa masitepe asanu, cifukwa munda wa ngondya 5 uli ndi zingwe zisanu zokha. Mphunzitsi wina wa ku Britain, R. C. Lyness, analemba za kuzungulira kumeneku m'caka ca 1942.

M'caka ca 2002 Sergey Fomin ndi Andrei Zelevinsky, obadwira ku Russia koma ophunzitsa ku America, anasindikiza ciyambi ca cimene anacicha cluster algebra. Liu lakuti cluster litanthauza tsango, monga tsango la zipatso. Tsango ndilo manambala a zingwe zonse za magawidwe amodzi a munda, ndipo kutembenuza cingwe ndiko kucotsa cipatso cimodzi pa tsango ndi kuikapo cina. Nzeru yao inali yakuti munda sufunikanso. Phodo lokha likwanira, pakuti mibvi yolowa ndi yoturuka pa dontho ndiyo iuza munthu manambala oyenera kuculukitsa, ndipo iwo anapereka lamulo losinthira mibvi yomwe. Motero masewerawo atheka pa maphodo amene sacokera ku munda uli wonse. M'caka ca 2003 anayankha funso lakuti, kodi ndi pa maphodo ati pamene matsango amatha kuwerengeka? Yankho linali ndandanda womwe uja. Matsango awerengeka pokha-pokha ngati phodo, polisintha-sintha ndi lamulo lao, lingasandulike A, D, E6, E7 kapena E8.

MALUKO A MANAMBALA

Amai oumba mbiya amalemba mizere yobwereza-bwereza kuzungulira khosi la mbiya, ndipo oluka malicero ndi mphasa amacita cimodzi-modzi. Manambala a zingwe nawonso amalukika motero. H. S. M. Coxeter wa ku Toronto anafotokoza maluko otere m'caka ca 1971. Mzere wa pamwamba ndi wa 1 yekha-yekha. Nambala iri yonse ya mzere wotsatira ilembedwa pansi, pakati pa manambala awiri a pamwamba pace. Lamulo ndi limodzi: pa manambala anai ozungulira danga, la kumanzere kuculukitsa ndi la kumanja lipose ndi 1 la pamwamba kuculukitsa ndi la pansi.

Munthu atenge munda wa ngondya 6, alembe manambala 1 mpaka 6 pa zikhomo, namange zingwe kucokera pa 1 kunka pa 3, pa 3 kunka pa 6, ndi pa 6 kunka pa 4. Awerenge mathirayango okhudza cikhomo ciri conse, kuyambira pa cikhomo 2. Adzapeza 1, 3, 2, 1, 3, 2, ndipo umenewu ndiwo mzere waciwiri, wobwerezedwa kosalekeza. Mzere wacitatu upezedwa poculukitsa awiri oyandikana ndi kucotsapo 1, ndipo ukhala 2, 5, 1, 2, 5, 1. Pa mzere wacinai aculukitse awiri oyandikana, acotsepo 1, nagawe ndi nambala ya pamwamba pao: 2 kuculukitsa ndi 5 ndi 10, kucotsa 1 patsala 9, kugawa ndi 3 ndi 3. Mzere wonse ukhala 3, 2, 1, 3, 2, 1. Pa mzere wacisanu manambala onse abwerera ku 1, ndipo maluko atha. Kugawa konse kwaturuka kopanda cotsala. M'caka ca 1973 John Conway ndi Coxeter anatsimikiza kuti zimenezi sizicitika mwa mwai: magawidwe ali onse a munda abala maluko a manambala athunthu, ndipo maluko ali onse otere acokera ku munda wogawidwa m'mathirayango.

DENGA LIMODZI LA ZONSE

Kufikira pamenepa panali nyumba ziwiri zofanana mamangidwe, ya mitolo ya Gabriel ndi ya matsango a Fomin ndi Zelevinsky, koma panalibe khomo lolowera kucoka mu ina kunka mu inzace. Akuru amati mutu umodzi susenza denga, ndipo nchitoyi inagwiridwa ndi anthu ambiri. M'caka ca 2006 akatswiri asanu, Buan, Marsh, Reineke, Reiten ndi Todorov, anasindikiza cimene anacicha cluster category. Awiri mwa iwo, Buan ndi mai Idun Reiten, anali a ku Trondheim m'dziko la Norway. Caka comweco Caldero, Chapoton ndi Schiffler anafika pa cinthu comweco kwa maphodo a mtundu A, podzera m'zingwe za m'munda.

Liu lakuti category litanthauza gulu la zinthu pamodzi ndi njira zonse zocokera pa cina kunka pa cinzace. M'gulu latsopanoli muli mitolo yonse yosagawika ya phodo, ndi kuonjezapo mtolo umodzi wapadera pa dontho liri lonse, monga zingwe 21 zinafuna zingwe 6 zoyamba kuti zikwane 27. Mitolo ina imagwirizana, ina imakolana. Kukolana kwa mitolo iwiri ndiko kudutsana kwa zingwe ziwiri. Tsango ndilo mitolo yosakolana yoculuka monga madontho a phodo, ndipo munthu akacotsa umodzi pali wina umodzi wokha wotha kulowa m'malo mwace. Ubwino wa njira imeneyi ndi wakuti igwira nchito ngakhale pamene munda wa zikhomo sungathandize. Phodo E8 la miseu ya ku Kafue liri ndi mitolo 120 kuonjezapo 8, ndiyo 128, ndipo matsango ace ndi 25,080.

Si mafunso onse anayankhidwa msanga. Fomin ndi Zelevinsky anaona kuti manambala a matsango, akalembedwa ndi zilembo za aljebra, amaturuka ndi zizindikiro za kuonkhetsa zokha-zokha, popanda ca kucotsa, ndipo anaganiza kuti ziri comweco masiku onse. Kuganiza si kutsimikiza. Panapita zaka zoposa khumi kufikira Kyungyong Lee ndi Ralf Schiffler anasindikiza citsimikizo ca maphodo onse m'caka ca 2015, Zelevinsky atamwalira kale mu 2013.

PHINDU LACE

Wina angafunse kuti, kodi zonsezi zidyetsa yani? Yankho limodzi liri m'madambo a Kafue Flats, kumadzulo kwa mzindawo. Madzi a cigumula akayamba kuphwa, zulu ndi malo okwera zimaonekera ngati zisumbu. Mlungu ndi mlungu zisumbu zatsopano zibadwa, ndipo zina zilumikizana ndi zinzace kukhala cimodzi. Milungu ikalembedwa ngati madontho a pamzere, ndi ciwerengero ca zisumbu ngati miyeso ya dontho liri lonse, paturuka katundu wa phodo la mtundu A. Cisumbu ciri conse ciri ndi tikiti yace, mlungu umene cinaoneka ndi mlungu umene cinamezedwa ndi cinzace cakale. Matikiti afupi-afupi ndi a tizulu topanda nchito, atali-atali ndi a malo okwera eni-eni kumene ng'ombe zingaime. Njira yomweyi ndiyo imene makompyuta amatsata lero pofufuza maonekedwe obisika m'milu ya manambala, monga pophunzira mapangidwe a mitsempha ya magazi ya m'ubongo. Gunnar Carlsson ndi Vin de Silva anaonetsa m'caka ca 2010 kuti njirayo igwira nchito ngakhale mibvi iloze uku ndi uku, ndipo maziko a nchito yao ndiwo lamulo la Gabriel. Pakati pa 1972 ndi 2010 panapita zaka 38, ndipo Gabriel polemba sanali kuganiza za makompyuta otere.

Phindu lina ndi la ana a sukulu ndi aphunzitsi ao. Ambiri amayesa kuti masamu anatha kalekale, ndi kuti catsala ndi kuloweza cabe. Koma mbali yaikuru ya nkhani ino inapezedwa pambuyo pa caka ca 2000, ndipo khomo lace lolowera silifuna makina a mtengo wapatali. Mphunzitsi wa ku Kafue, ku Chipata kapena ku Dedza akhoza kukhoma zikhomo 6 pabwalo la sukulu, napatsa ana zingwe zitatu. Anawo afune njira zonse 14 zogawira bwalolo. Adzapeza kuti 6 ndi za zingwe zocokera pa cikhomo cimodzi, 6 ndi zokhota-khota monga njira ya njoka, ndipo 2 ziri ndi thirayango pakati. Pa njira iri yonse awerenge mathirayango a pa zikhomo, aluke mizere ya manambala, naone ngati mzere wacisanu ubwerera ku 1. Ukapanda kubwerera, colakwa ciri m'kuwerenga kwao, ndipo ayambenso modekha, pakuti kuona maso a nkhono nkudekha.